Atsibweni Anga ndi Mbiri ya Gombe la Salima

 Masiku onse pa nthawi ngati ino timakamba za mafumu, za nkhondo ndi za anthu otchuka amene mayina awo adalembedwa m'mabuku. Lero ndikupempha kuti mundilole ndikambe za munthu amene dzina lake silidalembedwe paliponse, kupatula m'kaundula wa mpingo ndi pa chiphaso cha Wenela. Munthuyo ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi anga, amene adatisiya m'chaka cha 2024 ali ndi zaka 89. Dzina lawo sinditchula, pakuti kwathu mwana satchula dzina la mkulu wake pagulu, ndiponso ndikudziwa kuti pamene ndikusimba, ambiri a inu muziikapo dzina la atsibweni anuanu.

Kapena wina afunsa kuti, kodi nkhani ya munthu wamba ikulowa bwanji m'pologalamu ya mbiri yakale? Yankho langa ndi lakuti zinthu zazikulu zimene timawerenga m'mabuku, monga kufika kwa njanji, njala, maulendo a ku migodi ndi kubwera kwa zipembedzo, sizidagwere m'malere ayi. Zidagwera pa anthu, m'nyumba zawo ndi m'miphika yawo. Wofuna kudziwa kulemera kwa mtolo afunse amene adausenza. Atsibweni anga adasenza mbiri ya gombe la Salima kwa zaka zonsezo, ndipo zimene zidawalimbitsa khosi zidali ziwiri: mbumba yawo ndi Mulungu wawo. Koma monga mudzamva, padali nthawi imene ziwirizi zidalimbana mumtima mwawo, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani yathu ya lero.

Mudzi wathu uli m'dera la Mfumu Maganga, pakati pa Senga Bay ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja. Munthu akaima padooko pathu m'mamawa amaona zilumba za Maleri chakudzanja lamanja, ndipo kukayera bwino amaonanso mapiri a tsidya lija. Kumbuyo kwake kuli madambo a mpunga, migwalangwa ndi milambe. Dziko limeneli ndi lakale m'mbiri ya Amalawi. Kummwera kwake, kufupi ndi Mtakataka, kudali Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya a Phiri. Ufumu wa Kalonga sunkapita kwa mwana wobala yekha ayi, koma unkatsata mzere wa chikazi, wa Nyangu, mayi wa ufumuwo. Mwambo umene unkasunga ufumu ndi womwewo umene unkasunga banja la munthu wamba. Mwamuna akakwatira ankapita kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, ana ankawerengedwa a kuchikazi, ndipo mwini wawo weniweni adali mlongo wa mayi wawo. Iyeyo ndiye mtsibweni, mwini mbumba ndiponso nkhoswe. Mwana akadwala, uthenga unkayamba kufika kwa iye. Mwana akapalamula, iye ndiye ankaima pabwalo. Msungwana akafunsiridwa, mawu otsiriza adali ake.

M'zaka za m'ma 1800 gombe lathu lidalandira alendo a mitundu iwiri amene adabwera ndi mapemphero awo. Oyamba adali amalonda a Chiswahili ndi Ayao. Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya lija. Pambuyo pake Ayao adafika m'gombe la Salima, ndipo maufumu a Pemba ndi Kuluunda ndi mboni ya kufika kwawo. Ndi iwo chidakhazikika Chisilamu. Achiwiri adali amishoni. M'chaka cha 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adamanga misasa yawo ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, pamapiri amene amayang'ana chigwa chathu. Kuchokera kumeneko aphunzitsi ndi alaliki adatsika nayamba masukulu a m'midzi. M'chaka cha 1902 ansembe a Chikatolika adatsegula mishoni ya Mua. Motero podzafika nthawi ya agogo athu, munthu wa m'gombe ankamva mawu atatu: ng'oma ya gule kudambwe, kuitana kwa mwazini pamzikiti, ndi belu la tchalitchi. Ayao nawonso amatsata mzere wa chikazi monga Achewa, kotero kuti kukwatirana sikudali kovuta pa mwambo. Kuvuta kwake kudali pa mapemphero ndi pa mphika.

Atsibweni adabadwa m'chaka cha 1935. Sankasowa kalata yotsimikizira zimenezi, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti adabadwa chaka chimene sitima ya pamtunda idafika ku Salima. Njanjiyo idachokera ku Blantyre, nidzera ku Balaka ndi ku Chipoka, ndipo chaka chomwecho udatsegulidwanso mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Sena, kotero kuti katundu wokwezedwa ku Salima ankatha kufika kudooko la Beira. Salima, amene adali malo a tchire ndi udzudzu, adasanduka pothera njanji. Magalimoto ankatsika ndi fodya kuchokera ku Lilongwe ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, ndipo masitolo adayamba kumera mozungulira siteshoni. Koma njanji imene idabweretsa mchere, nsalu ndi makasu ndi yomweyo imene idayamba kutenga amuna. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zidali ku Halale ndi ku Joni. Ambiri adapita nabwerako, koma ena adapita osabweranso, ndipo amenewa ndiwo tidawatcha matchona.

Chaka cha 1949 chidawapeza atsibweni ali mnyamata wa zaka 14. Mvula idadula mbewu zisanakhwime, ndipo njala imene idatsatira idapweteka koposa m'chigawo cha kummwera, makamaka kuzungulira Blantyre, koma ndi kwathu komwe nkhokwe zidauma. Anthu ankazula nyika m'madambo ndi kusenza nsomba zouma kukwera nazo kumapiri a Dowa kukasinthanitsa ndi chimanga. M'chaka chimenecho amuna ambiri a chikamwini adatsanzika kuti akukafuna chakudya kwawo, ndipo ena sadabwerere. Agogo athu aamuna adali mmodzi wa iwo. Adasiya mkazi ndi ana anayi, wotsiriza ali kumsana, ndipo wa kumsanayo ndiwo mayi anga. Amene adawapulumutsa adali atsibweni awo a atsibweni anga, nkhalamba ya bwato limodzi, imene inkagawa nsomba m'milu iwiri, wina wa ana ake, wina wa ana a mlongo wake, ndipo siinkalola kuti mulu wina uposeko mnzake. Atsibweni ankasimba nkhani imeneyi kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ankaitsiriza ndi mawu amodzimodzi akuti, "Mphwanga, bambo angathe kupita, koma mtsibweni alibe kopita." Ndikhulupirira kuti pa mphasa ya njala imeneyo ndi pamene adalumbira mumtima kuti mwana wa mbumba yawo sadzagona ndi njala iwo ali moyo.

Sukulu adaphunzira pang'ono chabe, pasukulu ya m'mudzi ya mpingo, pansi pa denga la udzu, mpaka adadziwa kuwerenga ndi kulemba kalata. Buku limene adaphunzirira kuwerenga bwino lidali Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, ntchito imene adaitsogolera William Murray mothandizana ndi aphunzitsi a dziko lino. Adalowa kalasi, ndipo atayesedwa adabatizidwa mu mpingo wa CCAP, umene mipingo ya ku Nkhoma idalowamo m'chaka cha 1926. Chikhristu cha masiku amenewo chidali cha malire oonekeratu. Mkhristu sankamwa mowa, sankapita kudambwe, sankakwatira mitala, ndipo wolakwa ankadulidwa pamaso pa onse. Atsibweni adachilandira Chikhristucho ndi manja awiri, monga munthu amene waona nyumba ikugwa amakondera mzati wolimba.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, atangokwatira kumene, adalembetsa Wenela. Ndege idawatula ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene lero ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko adakwera sitima mpaka ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Dongosolo la Wenela lidali lakuti gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire atabwerera kwawo. Anzawo ambiri ankadandaula nalo, koma iwo ankati ndilo lidawathandiza kuti thukuta lawo lisathere m'komboni. Za pansi pa mgodi sankakonda kusimba. Ankangoti kumeneko ndi kumene adaphunzira kupemphera osatsegula pakamwa. Pa ulendo woyamba adabwerako ndi njinga, mabulangete a mayi awo ndi alongo awo, ndi ndalama zogulira ukonde.

Tsono apa ndi pamene ndiyenera kunena cholakwa chawo, pakuti mbiri yobisa zolakwa si mbiri koma chitamando cha pamaliro. Atabwerako adapeza kuti mlongo wawo wamkulu, amene ife timati mayi aakulu, wafunsiridwa ndi msodzi wa Chiyao, Msilamu wa m'mudzi woyandikana nawo. Monga mwini mbumba, adayenera kuima ngati nkhoswe. Iwo adakana. Adanena pamaso pa akuluakulu kuti sangapereke mlongo wawo ku chipembedzo china, ndipo kuti ngati apita, apite yekha. Mayi awo adawadandaulira, anyakwawa adawalangiza, koma iwo adaumitsa khosi, poganiza kuti potero akutumikira Mulungu. Ukwatiwo udachitika, wachibale wina ndiye adaima m'malo mwawo, ndipo atsibweni adabwerera ku Joni osatsanzika mlongo wawo. Munthu amene adalumbira kuti sadzataya mbumba adataya mlongo wake woyamba m'dzina la chikhulupiriro.

Ali kumeneko, dziko lathu litangolandira kumene ufulu wodzilamulira wa 1964, mayi awo adadwala namwalira. Kalata idawapeza patapita masabata angapo, maliro ataikidwa kale. Atamaliza nthawi yawo adabwerera ndi mtima wolemera, akuganiza kuti apeza nyumba itapasuka, ana atabalalika, ndi mayi awo ataikidwa ngati munthu wopanda mwini. Zimene adapeza zidali zina. Mlamu wawo uja, amene adamukana, ndiye adadwazika apongozi ake. Atamwalira, ndiye adayenda wapansi kukauza akulu a mpingo kuti Mkhristu wawo wagona, abwere adzamuike monga mwa mapemphero ake. Asilamu saika maliro m'bokosi, koma iye adagulitsa ukonde wake nagula matabwa kuti mayiyo aikidwe m'bokosi monga amachitira anzake a mumpingo. Pa nthawi ya nyimbo ndi ulaliki adakhala chapatali pansi pa mtengo, koma manda adakumba nawo. Pambuyo pake adatenga mayi anga, amene adali msungwana, nawasunga m'nyumba mwake osawaletsa kupita kutchalitchi ngakhale Sabata limodzi.

Akuluakulu amene adaona amasimba kuti atsibweni atamva zonsezi sadalowe n'komwe m'nyumba mwawo. Adasiya katundu pakhonde, napita kwa mlamu wawo, nakhala pansi pa dothi, naomba m'manja ngati munthu wopalamula pabwalo la mfumu. Adati, "Alamu, ntchito yanga mwagwira ndinu. Ine ndidawerenga Buku, inu mwachita zimene lidalembedwa. Ndikhululukireni." Mlamuyo adangowadzutsa nawauza kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo adaitanitsa madzi osamba m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu padakhazikika malamulo amene ife tidabadwa tikuwapeza. Mbuzi kapena nkhuku siinkaphedwa ndi wina aliyense koma bambo aakulu aja kapena ana awo, kuti pasakhale mwana wa mbumba wokhala pambali pa nthawi ya chakudya. Nyama ya nkhumba ndi mbewa sizinkalowa m'miphika ya pakhomo. Mwezi wa Ramadani ukafika, atsibweni ankatumiza mpunga ndi nsomba zofuturira, ndipo pa Khirisimasi abale athu a Chisilamu ankadzaza bwalo lathu. Musaganize kuti chikhulupiriro chawo chidazirala ayi. Adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ndipo adatumikira zaka zambiri. M'mawa uliwonse kusanache tinkamva mawu awo akutchula mayina athu mmodzimmodzi m'pemphero, Akhristu ndi Asilamu omwe. Madzulo ena iwo ndi mlamu wawo ankatsutsana pansi pa mtengo wa mango za Yesu ndi za Mtumiki Muhammad mpaka nsima kuzizira, ndipo palibe amene adagonjetsa mnzake. Nditawafunsa tsiku lina kuti mkanganowo udathera pati, adaseka nati, "Pa njira sitidagwirizane, koma tidagwirizana kuti woweruza si ine ndipo si iye."

Ku migodi sadabwererenso. M'chaka cha 1968 boma, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidayambitsa ntchito yaikulu yotukula ulimi m'gombe la Salima, makamaka wa thonje ndi mpunga, ndipo iwo adali mmodzi wa alimi amene adatenga ngongole ya mankhwala ndi mpope wopopera thonje. Dzinja ankakhala kumunda, chilimwe panyanja. Ndalama za thonje la ku ADMARC ndi zija za ku Joni zidagula chilimira, ukonde waukulu uja umene amakokera usipa ndi utaka, bwato la nyali lili patsogolo kukopa nsomba ndi kuwala kwake. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi. Pa nthawiyo Amalawi oposa 100,000 adali ku migodi ya ku South Africa, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri adabwerera kumudzi opanda ntchito. Achibale athu angapo adali m'gulu limenelo, ndipo chilimira cha atsibweni ndicho chidawalandira. Lamulo la pa ukondewo lidali lodziwika gombe lonse: Lamulungu bwato silinkalowa m'madzi ngakhale usipa utachita kuwirira pafupi, ndipo Lachisanu masana alovi a Chisilamu ankamasulidwa kuti apite kumzikiti, gawo lawo osadulidwa.

Zaka zina ankapita kukapha utaka ku chilumba cha Mbenji, kumpoto kwa boma lathu la Salima. Chilumba chimenechi n'chodziwika chifukwa cha malamulo amene mafumu a deralo akhala akusunga kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chimatsekedwa m'mwezi wa Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo akazi safikapo. Malamulowa adachokera ku miyambo ya makolo, osati ku tchalitchi, koma atsibweni, amene pa unyamata wawo ankanyoza zonse za makolo, ankawalemekeza kwambiri. Ankati nayonso nyanja imafuna Sabata lake, ndipo munthu wokana kuipumitsa akuba chakudya cha adzukulu ake. Lero pamene chambo chasowa m'madooko ambiri ndipo ena akukokera ndi maukonde a udzudzu, mawu amenewa amandibwerera.

Njanji idapitirira kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, ndipo Salima adaleka kukhala pothera ulendo. Chaka chotsatira, cha 1980, nyanja idakwera koposa mmene anthu a nthawiyo adaionerapo, nimeza minda ndi nyumba za m'mphepete. Madzi atafika pothera, atsibweni adatenga nkhwangwa nalemba chizindikiro pa mlambe wa padooko pathu, nalamula kuti wa mbumba yathu asadzamange nyumba kunsi kwa mtengowo. Sungani nkhani ya mlambe imeneyi, omvera, pakuti tidzabwereranso kwa iwo.

Ine ndidabadwa m'chaka cha 1989, chaka cha chivomezi chachikulu cha ku Salima, chimene chidagwedeza dziko m'mwezi wa Malichi, nichigwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu. Mayi amati nyumba yathu itang'ambika, tidagona mwezi wathunthu pakhonde la atsibweni. Sitidadziwe kuti tidzabwererakonso kudzakhalitsa. Bambo anga adamwalira ndili wamng'ono, m'zaka zija za m'ma 1990 pamene matenda a Edzi adapulula anthu a misinkhu yobereka, ndipo maliro ankachita kutsatizana ngati mikanda. Katundu wa m'nyumba adatengedwa ndi ena a kuchimuna, ife tidabwerera kumudzi ndi zovala zokha. Atsibweni sadapite kubwalo kukalimbira mipando ndi mbale. Adati, "Atenge mipando, anthu ndatenga ine." Sitidali tokha. Pofika njala ya 2002, ana a alongo awo ndi adzukulu amasiye amene ankadya pakhomopo tidapitirira khumi. M'chaka chimenecho ndidaona ndi maso anga zimene ndinkangomva za 1949. Nkhalamba ya zaka 67 inkagawa phala ndi chikho chimodzi, mwana aliyense mlingo wofanana, iyo n'kudzamwa zotsalira mumphika.

Sukulu ya pulayimale ndidaphunzira yaulere, pakuti idayamba m'chaka cha 1994, koma ya sekondale idafuna ndalama, ndipo ndalamazo zidachokera pa thandala la usipa. Tsiku limene ndinkapita ku sukulu ya aphunzitsi adandiperekeza mpaka pamsewu, nandipatsa ndalama zokulunga m'kansalu, nandiuza kuti, "Mphwanga, ndalamazi si zanga ndipo si zako. Ndidakongola kwa atsibweni anga chaka cha njala, lero ndakukongoza iwe. Udzabweze kwa mwana wa mlongo wako."

Koma mtolo wotere suyenda wopanda madandaulo. Ana awo obala adayamba kufunsa, ndipo funso lawo lidali lomveka: kodi ife amene tidapalasa bwatoli kuyambira ubwana tidzatsala ndi chiyani, ngati zonse zidzapita kwa ana a azakhali monga mwa mwambo? Funso limeneli si la banja lathu lokha. Ndi funso limene lagawanitsa mabanja ambiri a Achewa, Ayao ndi Alomwe kuyambira pamene ndalama, sukulu ndi mipingo zidayamba kukweza udindo wa bambo pamwamba pa udindo wa mtsibweni. Ndi malamulo a dziko omwe adatsata njira yomweyo, pakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limaletsa kulanda katundu wa amasiye. Atsibweni sadadikire kuti imfa idzawaweruzire mlanduwu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Adaitana anyakwawa, akulu a mpingo, shehe wa pamzikiti, ana awo ndi mbumba yonse, ndipo ine ndidapatsidwa cholembera. Adagamula kuti bwato, maukonde ndi nyumba ya malata, zimene adazipeza ndi thukuta lawo ndi la mkazi wawo, ndi za mkaziyo ndi ana ake. Koma munda wa kudambo ndi malo a padooko, zimene adazilandira kwa amayi awo, ndi za mbumba, ndipo sadzagulitsa munthu mmodzi payekha. Zonsezi zidalembedwa m'kope la sukulu, onse adasainira, ndipo kopelo lidasungidwa m'kati mwa Buku Lopatulika lawo.

Malo a padookowo ndiwo adawavutitsa m'zaka zawo zotsiriza. Aliyense wodziwa Senga Bay akudziwa mmene mipanda ya njerwa yadzadzira m'gombe, ndi mmene njira zopita kumadzi zacheperachepera, kotero kuti m'malo ena mayi wofuna kutunga madzi kapena kuchapa amayenda mtunda wautali kuzungulira mipanda. Ogula adafika kwa atsibweni kangapo ndi ndalama zimene iwo sadazigwirepo chibadwire. Ena a ife tomwe tidawanyengerera kuti alandire, apumule, adzipezere mankhwala abwino. Iwo ankayankha kuti ndalama zimatha koma ana sasiya kubadwa, ndipo mwana wa m'gombe wopanda dooko ndi mlendo kwawo komwe. Tsono m'chaka cha 2024 nyanja idakweranso, nilowa m'nyumba zambiri zogona alendo ndi m'mipanda ya m'mphepete. Atsibweni adali atagona kale pamphasa, koma adapempha kuti tiwanyamule akaone. Tidawakhazika pansi pa mlambe uja, ndipo madzi adali pafupi ndi tsinde lake, kunsi kwa chipsera cha nkhwangwa yawo. Adayang'ana nthawi yaitali, nangoti, "Madzi saiwala khwawa." Nyumba za mbumba yathu zonse zidali pouma. Patapita masabata owerengeka adatisiya, m'bandakucha, nthawi yawo ya pemphero.

Pa maliro awo amayi a Chigwirizano adaimba usiku wonse, ndipo anyamata a kumzikiti ndiwo adakumba manda, kubweza zimene bambo wawo adayamba zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Titatsegula kope lija tidapeza tsamba lina limene adalemba okha ndi dzanja lonjenjemera. Adasiya mbumba m'manja mwa mwana wamwamuna woyamba wa mayi aakulu, amene ndi Msilamu wopemphera kasanu pa tsiku. Mkulu wa mpingo amene adakana kuima pa ukwati wa mlongo wake adapereka ana ake onse a mwambo kwa chipatso cha ukwati womwewo. Ine adandisiyira Buku ndi kope, ndi mawu akuti ndizikumbutsa anthu zimene zidalembedwa.

Ndikunena pano, omvera, ogula aja abweranso, ndipo mbumba yathu siidamange mfundo imodzi. Ena ali ndi ana ofuna fizi, ena ali ndi odwala, ndipo sindingawaweruze, pakuti inenso ndimakhala m'tauni m'nyumba ya lendi ndipo ndikudziwa kuwawa kwa kusowa. Ena akuti tilembetse malowo m'dzina la banja lonse, monga lamulo la malo a makolo la 2016 limalolera. Tidzakhala pansi pa mlambe tikakolola, ndipo ine ndidzawerenga kope lija mokweza. Chimene ndachita kale ndi chimodzi chokha: mwana wa mlongo wanga ali ku sekondale, ndipo ngongole ija ndayamba kubweza.

Pomaliza ndikupempheni kanthu. M'mudzi mwanu muli nkhalamba imene idaona njala ya 1949, kapena idakwera ndege ya Wenela, kapena ikudziwa pamene madzi adalekezera m'chaka cha 1980. Musadikire tsiku la maliro kuti mudzamve mbiri yake kwa olalika. Pitani mawa lomwe, mutenge kope ndi cholembera, mukhale pansi, mufunse, ndipo mufunsenso ngakhale zimene idalakwa ndi mmene idazikonzera. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa amene adawamva.